Galimoto ya haidirojeni ndi yabwino, koma theka lake lili pa pampu

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga ndiyankhulepo pa nkhani ya magalimoto oyendera mpweya wotchedwa haidirojeni, makamaka akuluakulu aja timangowatchula kuti ma SUV, chifukwa momwe nkhaniyi ikumafotokozedwera masiku ano ikumasokoneza anthu. Pena umangoona mutu wa nkhani woti kwabwera galimoto yoyendera madzi, anthu nkuyamba kutumizirana pa foni kuti basi petulo watha ntchito tizingotunga pampopi nkuthira, ulendo. Ayi ndithu a Mkonzi, madzi ndi zomwe galimotoyi imataya, si zomwe imamwa. Ndiye poti anthu amakhulupirira kwambiri zomwe awerenga mu nyuzi kusiyana ndi zomwe amva pamsewu ndati ndilembeko momwe galimotoyi anaipangira, zokoma zake zomwe ndi zambiri ndithu, komanso pomwe pagona nkhani pomwe otsatsa malonda amangodutsapo mothamanga.

Galimoto imeneyi ndi ya magetsi. Matayala ake amazunguzidwa ndi mota ya magetsi chimodzimodzi magalimoto a batire aja, mulibe mapisitoni, mulibe mapulagi, za kusintha oilo wa injini iwalani, ndipo giya ndi imodzi yokha basi. Kusiyana kwake nkwakuti inayo mumachita kutchaja nkusunga magetsi mu chibatire chachikulu pomwe iyi imadzipangira yokha ikuyenda, tingoti yanyamula jenereta yakeyake, koma jenereta yosayatsa moto komanso yosalira. Chomwe chimapanga magetsicho amachitcha fuel cell, ndipo mu Hyundai Nexo chimakhala kutsogolo mu boneti momwe mukanapeza injini, ukatsegula umangoona chibokosi, mapaipi ndi mawaya a olenji okuchenjeza kuti pano pali magetsi amphamvu usagwirepo wamba.

Mkati mwa chibokosicho muli timaselo topyapyala mazanamazana tosanjikizana. Kaselo kalikonse kali ndi mbali ziwiri ndipo pakati pake pali kachikopa ka pulasitiki wapadera kopyapyala kuposa pepala. Haidirojeni wochokera m'thanki amalowa mbali imodzi, mpweya wamba wapanjawu umalowa mbali inayo. Pa kachikopako anapakapo pulatinamu pang'ono, ntchito yake ndi kung'amba haidirojeni kukhala tizidutswa tosaoneka ndi maso ta mitundu iwiri, ma proton ndi ma electron. Ma proton amadutsa pa kachikopa paja bwinobwino koma ma electron njira imeneyo ndi yotseka kwa iwo, nde amakakamizika kuzungulira kudzera mu waya, kuzungulira kumeneko ndiye magetsi amene. Akafika tsidya linalo onse amakumana ndi okosijeni wa mumpweya uja nkupanga madzi. Kaselo kamodzi sikakwanitsa olo volti imodzi, kamapereka cha m'ma 0.7 basi, nchifukwa chake amatisanjikiza tambiri chonchi, Toyota Mirai ya 2020 ili nato 330. Pulatinamu ujanso ndi mwala wodula komanso wosowa, wambiri wa padziko lonse, cha m'ma 70 peresenti, amakumbidwa ku South Africa, ndiye opanga magalimotowa akhala akulimbana nako kuchepetsa mlingo womwe amapaka.

Ndipo tisamati ndi nzeru ya dzulodzuloli. William Grove wa ku Britain anaonetsa kale mu 1839 kuti haidirojeni ndi okosijeni atha kupanga magetsi, a NASA anaika ma fuel cell mu zombo za Apollo zopita kumwezi zija mpaka madzi ake anthu mkatimo ankamwa, ndipo General Motors mu 1966 anali atapanga kale galimoto yotchedwa Electrovan. Koma Electrovan ija zida ndi mathanki zinadzadza kumbuyo konse munangotsala malo a anthu awiri. Ndatchula dala zimenezi chifukwa vuto la malo lomwe anakumana nalo nthawi imeneyo ndi lomwelo likuchititsa kuti lero makampani ambiri akafuna kupanga galimoto ya haidirojeni azithamangira SUV.

Paja haidirojeni ndi mpweya wopepuka kuposa wina uliwonse. Kilogalamu imodzi ili ndi mphamvu yokwana 33 kWh, tingoti mayuniti 33 a magetsi, pafupifupi katatu kuposa kilogalamu ya petulo, koma kilogalamu imodziyo ukaisiya yosapanikiza imafuna malo opitirira malita 11,000. Nde amachita kuipanikiza mpaka 700 bar, pomwe tayala la galimoto timapopa 2 kapena 2.5 basi, werengani nokha, ndi pafupifupi maulendo 300. Chinthu chosunga mpweya wopanikizika chotere sichingakhale cha makona, chimayenera kukhala chobulungira chotalika, khoma lake lochindikala. Thanki ya petulo opanga amatha kuiumba momwe afunira nkuilowetsa pampata uliwonse pansi pa mpando, batire amangoiyala pansi ponse yafulati, koma thanki ya haidirojeni ndi yamakani siipindika, galimoto ndi yomwe imangidwe moizungulira. Kulemeranso ndiye osanena, mathanki awiri a Mirai yoyamba ankalemera makilogalamu 87.5 kuti asunge haidirojeni wa makilogalamu 5 okha.

Apa ndi pomwe SUV imapambana chifukwa ndi yaitali kuchoka pansi ndiye pansi pake pali pobisa zinthu. Mirai ndi saluni, ndipo yoyamba ija ya 2014 inali ndi mipando inayi yokha, yachiwiriyi anaikamo isanu koma wokhala pakati kumbuyo amamva kuwawa ndithu chifukwa thanki ina yadutsa pakati pa galimoto mpaka pansi pamatukuka. A Hyundai anayamba mu 2013 ndi ix35 ya haidirojeni yomwe ankaipangira ku Ulsan, inali ndi mathanki awiri osalingana ndipo yaikuluyo inkadya malo ku buti. Atafika pa Nexo mu 2018 anachita zomwe ine ndimaziona kuti ndi nzeru yeniyeni, mmalo mwa chithanki chimodzi chonenepa anaika atatu ang'onoang'ono ofanana, iliyonse malita 52.2, awiri chapansi pa mpando wakumbuyo ina kuseri kwa matayala akumbuyo. Onse pamodzi ndi malita 156.6 ndipo mumalowa makilogalamu 6.33 a haidirojeni. Zotsatira zake buti inakhala yafulati, malita 461, mipando nkumapindikanso bwinobwino ngati SUV ina iliyonse. A BMW mu iX5 Hydrogen, yomwe anangopanga zosakwana 100 mu 2023 zoyeserera, anagoneka thanki imodzi mulitali pakati pomwe pamadutsa shafti ina nkuipingasa pansi pa mpando wakumbuyo. A Honda mu CR-V e:FCEV ya 2024 sanabise bwino, ukatsegula buti umapeza chisitepe chotukuka kuseri kwa mipando, anachita kuikamo kathabwa kosunthika kuti pamwamba paoneke polingana koma katundu wamtali ndiye umadziwa kuti pansi pali chinthu. Munthu akamayang'ana galimoto za mtunduwu ayambire ku buti osati ku dashibodi, kumeneko ndi komwe umaonera ngati opanga anaganiza kuchokera pachiyambi kapena anangotenga galimoto ya petulo nkuphatikamo mathanki.

Ena amadabwa akamva kuti mulinso batire. Ilimo, koma kakang'ono, mu Nexo ya 2018 ndi ka 1.56 kWh. Fuel cell simakonda kudzidzimutsidwa, ukaponda moto mwadzidzidzi imafuna kanthawi kuti kompulesa ikankhe mpweya wokwanira, nde kabatire kaja ndi komwe kamatseka mpatawo. Komanso potsika mtunda kapena pogwira mabuleki mota imasanduka yopanga magetsi, magetsi amenewo sangabwerere m'thanki kukakhalanso haidirojeni, amafuna posungira. Mu Nexo imeneyi fuel cell imapereka mphamvu ya 95 kW, batire nkuonjezera mpaka 40 kW, mota yake ndi ya 120 kW, si yothamanga modabwitsa ayi koma ponyamuka imakoka nthawi yomweyo mopanda kugwedeza. Ya BMW ija ndiye anaonjeza dala, fuel cell ya 125 kW yomwe timaselo take tinachokera ku Toyota, koma ikathandizana ndi batire imafika 295 kW.

Chinthu china chomwe mungaizindikirire mukaiona pamsewu ndi kukamwa kwake. Magalimoto a batire ambiri kutsogolo amatseka chifukwa safuna mphepo yambiri, koma a haidirojeni girilo yake imakhala yotseguka, kuseri kwake kuli marediyeta akuluakulu. Chifukwa chake nchoti injini ya petulo kutentha kwambiri imatayira ku ekizosi pomwe fuel cell imagwira ntchito pa madigiri ochepa, cha m'ma 60 mpaka 80, ndipo kutentha kwake pafupifupi konse kumayenera kuchoka kudzera m'madzi oziziritsa. Madzi akenso si wamba, amayenera kukhala osadutsa magetsi, nde muli kafyuluta kena kochotsa mchere m'madzimo komwe kamasinthidwa pa sevisi, makaniko wosadziwa akangothira madzi a rediyeta omwe anazolowera aja ndiye waononga chinthu chodula kwambiri m'galimotomo. Mpweya wolowanso umayenera kukhala woyera kwambiri chifukwa fumbi ndi utsi zimapha pulatinamu uja, umadutsa mu fyuluta, kenako kompulesa, kenako kachida konyowetsa mpweya poti kachikopa kaja kakauma sikagwira ntchito. Phokoso lomwe umamva ukaponda kwambiri ndi kakhweru ka kompulesayo basi. A Hyundai amanyadira kuti Nexo imayeretsa mpweya ikamayenda, kuti imachotsa 99.9 peresenti ya tifumbi tosaoneka ndi maso mu mpweya womwe yakoka. Sindikutsutsa, koma tinene zoona fyulutayo anaiika kuti ateteze fuel cell yawo, za kuyeretsa mzinda ndi zokometsera malonda chabe, ndipo kumalo a fumbi lambiri zikutanthauza kuti fyulutayo muziisintha pafupipafupi.

Madzi otuluka aja ndi ambiri kuposa momwe anthu amaganizira. Kilogalamu imodzi ya haidirojeni imapanga makilogalamu 9 a madzi, ndiye thanki yodzadza ya Nexo pomatha imakhala itatulutsa malita opitirira 50, ena ngati nthunzi ena nkumadontha pansi. Ukaizimitsa imapitiriza kufuuza kwa kanthawi pansi nkusiya kachithaphwi, munthu wosadziwa atha kuganiza kuti yaboola paipi koma ikungodziumitsa mkati kuti madzi asaundane mu timaselo kukazizira. Mirai ili ndi batani lolembedwa H2O loti dalaivala atayiretu madziwo panja asanalowe mu galaja. A Hyundai amati Nexo imalira ngakhale kuzizire kufika madigiri 30 pansi pa ziro, ndipo kumaiko ozizira ili ndi mwayi wina woti kutentha kwa fuel cell kumafunditsa mkati mwa galimoto pomwe ya batire imachita kudya magetsi ake omwe oyendera kuti ifunditse anthu.

Za mkatimu sindichedwapo chifukwa zambiri si za haidirojeni, ndi zomwe mungazipeze mu galimoto yodula iliyonse. Masikirini awiri, giya ya mabatani, ukayatsa indiketa kamera imakuonetsa pa dashibodi mbali yomwe galasi silionetsa, imathanso kudzipaka yokha iwe utatsika uli ndi kiyi m'manja. Kamera ya indiketa ija ndi yothandiza, ndaivomera. Zogwirira zitseko zobisala zomwe zimachita kutuluka zokha zija ndiye ine ayi, akuti zimachepetsa kulimbana ndi mphepo koma ndi kamota kena koonjezera koti kadzafe tsiku lina. Nexo yatsopano yomwe anaionetsa ku Seoul mu 2025 anaipanga ya makona, mota anaikweza kufika 150 kW, mathanki akusunga makilogalamu 6.69, ndipo anaikamo soketi yoti utha kulumikiza zipangizo za magetsi galimoto ili chiimire. Chimenechi ndiye chanzeru chifukwa galimoto yomwe ntchito yake ndi kupanga magetsi kumangoikhazika osatapako kanthu kunali kutaya mwayi.

Tsopano za mantha. Ukangotchula haidirojeni pamapezeka wina wokumbutsa chombo cha mumlengalenga cha Hindenburg chomwe chinapsa ku New Jersey mu 1937. Koma chija chinali chinsalu chodzadza mpweya, thanki ya galimotoyi mkati ndi pulasitiki yoletsa mpweya kutuluka, kunja anakulunga ulusi wa kaboni wochindikala, ndipo asanaivomereze amaiyesa poigwetsa, kuiotcha pamoto ngakhale kuiombera ndi mfuti, imayenera kupirira kupanikiza kopitirira kawiri komwe imagwirira ntchito. Pa thanki iliyonse pali valavu yomwe kutentha kukafika madigiri 110 imatseguka yokha nkutulutsa mpweya kuti thanki isaphulike, muli masensa onunkhiza kudontha omwe akamva kanthu amatseka mavalavu nthawi yomweyo. Poti haidirojeni ndi wopepuka maulendo 14 kuposa mpweya wamba, akatuluka amathawira kumwamba, sakhala pansi nkumayenderera ngati petulo. Mu 2018 Nexo inapeza nyenyezi zisanu pa mayeso a ngozi a Euro NCAP. Koma tisamunamizenso munthu kuti ndi mpweya wofatsa. Alibe fungo, moto wake masana suoneka bwino, ndipo amayaka akangokhala paliponse pakati pa 4 ndi 75 peresenti mu mpweya, nde malo otsekeka opanda potulukira mpweya kudenga ndi oopsa. Mu June 2019 siteshoni ya haidirojeni ku Sandvika kufupi ndi Oslo ku Norway inaphulika chifukwa chotsekera china pa thanki yosungira sanachimange bwino, palibe anafa koma kugulitsa magalimotowa mdzikomo kunayamba kwaima kaye. Onani kuti vuto linali pa siteshoni osati m'galimoto.

Pali kanthu kena kakang'ono komwe sindinaonepo kakulembedwa mokwanira koma ndi kofunika kwa aliyense wodzagula yogwiritsidwa kale ntchito. Mathankiwa ali ndi tsiku lothera. Ukatsegula kachitseko kothirira umapeza kasitika kolembedwa mwezi ndi chaka chomwe sukuyeneranso kuthira, nthawi zambiri ndi zaka 15 kuchokera pomwe anapangidwa, ena amafika 20. Galimoto ya dizilo ya zaka 15 ambiri amati ikadali mwana, koma iyi ikafika pamenepo ndiye kusintha mathanki onse, ndipo si ntchito yoti makaniko aliyense angaigwire.

Kuthira kwake ndi komwe amatamanda kwambiri ndipo mpake. Mphindi zisanu kapena kuchepera wadzadza, Nexo ya 2018 pa muyeso wa ku Ulaya imayenda makilomita 666. Paipi yake siingolowa ngati ya petulo, imachita kuluma pakamwa pa thanki nkudzikhoma, galimoto ndi pampu nkumauzana kudzera mu kuwala kosaoneka kuti mkati mwatentha bwanji ndipo mwapanikizika bwanji. Mpweya ukamakankhidwa mwachangu chonchi thanki imatentha, nde pampu imayamba yauziziritsa kufika madigiri 40 pansi pa ziro. Pomaliza umapeza chitsulo cha paipi chayera mbee ndi chisanu, chikufuka, kuchigwira dzanja limachita kuuma, ndipo kukakhala chinyontho pena chimaundana nkukakamira pagalimoto mpaka udikire chisungunuke. Komanso mphindi zisanu zija ndi za munthu yemwe wapeza siteshoni itapuma. Magalimoto akatsatizana angapo mathanki a pa siteshoni amafooka, kompulesa yake imafuna nthawi kuti ibwezeretse, wobwera pambuyo amadikira kapena kuchoka ndi thanki yosadzadza.

Apa nde pagona nkhani yanga a Mkonzi. Galimoto ya batire olo zivute bwanji soketi ya m'nyumba imaitchaja, pang'onopang'ono koma imatchaja. Ya petulo utha kunyamula chigubu. Iyi popanda siteshoni yake ndi chitsulo chongokhala, palibe chigubu, palibe soketi, palibe mnzako wokugawirako panjira. Ndipo pofika mu 2024 masiteshoni a haidirojeni padziko lonse lapansi anali atangopitirira pang'ono 1,000, ambiri anali ku China, South Korea, Japan ndi Germany. Ku America pafupifupi onse ali ku California kokha, komwenso mu February 2024 kampani ya Shell inatseka masiteshoni ake othirira magalimoto ang'onoang'ono, anthu omwe anali atagula kale nkutsala akuzungulira kufuna pothira. Nde taganizani, SUV anthu amaigulira chani? Kuti azipita kutali, kumapiri, kumisewu yoipa komwe saluni singafike. Koma SUV iyi yomwe thupi lake likuoneka la ulendo ndi yomangirira pa chingwe, makilomita 666 aja ngati kutsogolo kulibe pothira ndiye kuti ndi 333 kupita 333 kubwerera, ndipo palibe dalaivala wanzeru angayese kufika nawo kumapeto. Nchifukwa chake ine ndimati pampu ndi gawo la galimotoyi ngati momwe thanki ilili gawo lake, wolemba nkhani akafotokoza mipando ndi masikirini osanena komwe munthu akathire wafotokoza theka.

Chinanso ndi komwe haidirojeniyo akuchokera. Ku ekizosi kumatuluka madzi okha, zoona, koma haidirojeni wambiri yemwe akupangidwa padziko pano amachokera ku gasi wa pansi panthaka ndi malasha, lipoti za bungwe la International Energy Agency zimaonetsa kuti wopangidwa mosaononga mpweya sakukwana ndi 1 peresenti yomwe. Kupanga kilogalamu imodzi kuchokera ku gasi kumatulutsa makilogalamu cha m'ma 10 a mpweya woipa wa kaboni, ndipo Nexo imadya pafupifupi kilogalamu imodzi pa makilomita 100, nde mukawerenga ndi magalamu cha m'ma 100 pa kilomita, kuchepa kwake kulipo poyerekeza ndi SUV ya petulo koma si ziro ngati momwe zimalembedwera pa zikwangwani. Utsi wangosamuka, wachoka kumbuyo kwa galimoto wapita ku fakitale. Njira yoyera ilipo, kung'amba madzi ndi magetsi a dzuwa, mphepo kapena a madzi, koma kumafuna magetsi opitirira 50 kWh pa kilogalamu, osawerengera opanikizira, onyamulira ndi oziziritsira. Magetsi omwewo ukawathira mu SUV ya batire yomwe imadya cha m'ma 20 kWh pa makilomita 100 ikuyendera makilomita 250, pomwe ya haidirojeni yakupatsa 100. Masamu amenewa ndi omwe akuvutitsa galimotoyi kuposa china chilichonse ndipo sangakonzedwe ndi kukongola kwa bodi.

Nchifukwa chake mwa ma SUV onsewa yomwe inandigwira mtima ndi ya Honda ija, olo buti yake ili ndi chisitepe. Anaikamo batire yokulirapo ya 17.7 kWh ndi pulagi yotchajira, nde utha kutchaja kunyumba nkuyenda makilomita cha m'ma 47 osakhudza haidirojeni, ulendo wautali ndi pomwe makilogalamu 4.3 a m'mathanki amagwira ntchito, zonse pamodzi makilomita 435 pa muyeso wa ku America. Anayamba kuipangira ku Marysville ku Ohio mu 2024 ndipo fuel cell yake anapanga mogwirizana ndi General Motors. Nzeruyi sanayambe ndi iwo, a Mercedes anachita zomwezi ndi GLC F-Cell mu 2018 koma pofika 2020 anaisiya. Ena anena kuti kuika pulagi ndi kuvomereza kuti haidirojeni payekha sakukwanira, ine ndikuti eya ndi kuvomereza kumene, ndipo kuli bwino wopanga wovomereza kusiyana ndi wokugulitsa galimoto yoti siteshoni imodzi ikatseka iwe uyende pansi. Kuipa kwake nkoti wanyamula zinthu ziwiri, batire yolemera ndi mathanki olemera, zonse zofuna malo komanso zokweza mtengo.

Sindikunena kuti haidirojeni alibe tsogolo pamsewu. Pa mathiraki ndi mabasi omwe amayenda njira imodzimodzi tsiku ndi tsiku nkubwerera ku depoti komwe kuli pampu yawo, omwe sangaime maola ambiri kutchaja komanso chibatire chingawadyere malo a katundu, pamenepo zikumveka, ndipo mathiraki a Hyundai otchedwa Xcient akhala akuyenda ku Switzerland kuyambira 2020. Masiteshoni akadzachuluka chifukwa cha mathirakiwo mwina ma SUV adzapezerapo mwayi, koma mathiraki ambiri amathira pa 350 bar osati 700, ndiye siteshoniyo idzafunikabe pampu ina ya magalimoto ang'onoang'ono.

Pempho langa kwa atolankhani anu ndi loti akamalemba za magalimotowa azifunsako kuti mathanki awaika pati ndipo adya malo ochuluka bwanji, atha liti, pothira pali pati ndipo haidirojeni wake wapangidwa ndi chani. A BMW alengeza kuti mu 2028 ayamba kugulitsa SUV ya haidirojeni kwa aliyense mogwirizana ndi Toyota, osatinso zoyeserera zija. Ikadzatuluka mudzatitumizire mtolankhani akatsegule buti, akaweramire pansi aone momwe agonekera mathanki, akaonenso ngati aikamo pulagi.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzi yanu nthawi zonse